Asiye Liti, Ndipo Alisiye Bwanji?

Chaka chilichonse, nthawi yolembetsa mayeso a MSCE ikamayandikira, m'nyumba zambiri za ku Area 12 ku Lilongwe mumabuka nkhani imodzi pa chakudya chamadzulo: mwana wa Fomu 4 asiye phunziro liti. Anawo amati kudropa. Mwana wasenza maphunziro asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi kuchokera ku Fomu 3, mphunzitsi wa patitaimu amagogoda pageti madzulo alionse, ndipo makolo, amene ambiri mwa iwo amagwira ntchito ku Capital Hill, m'mabanki a ku City Centre kapena m'mabungwe akunja, anawerengetsera kale. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndiko kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi, kotero wopeza mapointi 6 wafika pansonga penipeni, ndipo wofuna yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Tsono ngati owerengedwa ndi asanu ndi limodzi okha, enawo akutani m'chikwama? Funsoli limamveka ngati la masamu, koma pansi pake pagona funso lina lachikhulupiriro: nzeru zimene munthu anapatsidwa ndi za yani, ndipo anapatsidwira chiyani? Mmene banja layankhira loyamba lija limakhala layankha kale lachiwirili, ngakhale osalitchula.

Makolo owerengetsera motere sakulota. Masiku ano ana oposa 150,000 amalemba MSCE chaka chimodzi, ndipo mayunivesite a boma alipo asanu ndi limodzi: UNIMA ku Zomba, Mzuni ku Mzuzu, LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo, ndi MUBAS ndi KUHeS amene anaima paokha mu 2021. Bungwe la NCHE likamatulutsa mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesitewa, zikwi za ana oyenerera zimatsala panja, ndipo kuchokera mu 2020, pamene boma linathetsa njira ya kota yogawa malo potengera boma lochokera, kulemera kwa giredi iliyonse kunawonjezeka. Wofuna udokotala kapena uinjiniya akudziwa kuti pointi imodzi ikhoza kumulekanitsa ndi mnzake wokhala naye desiki imodzi. Komanso kusiya chinthu mwa iko kokha si tchimo. Munthu ali ndi malire, tsiku lake ndi la maola 24 ngati la wina aliyense, ndipo buku la Mlaliki, chakumapeto kwake, limavomereza kuti kuwerenga kwambiri kumalemetsa thupi. Makolo athu anaziona kalekale pamene ananena kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mlimi amapatulira chimanga, nazula mbewu zamoyo ndithu, kuti zotsalazo zibereke. Amene anganene kuti mwana azinyamula phunziro lililonse mpaka agwe nalo m'njira sakulankhula zauzimu. Akulankhula zopanda chifundo.

Komabe masamu amenewa, mukawayang'ana modekha, salamula kuti mwana asiye kanthu. Phunziro lachisanu ndi chiwiri silichotsa pointi pa asanu ndi limodzi aja. Likayenda molakwika limangokhala panja, likayenda bwino limapulumutsa lina limene linaterereka tsiku la mayeso, pamene malungo anabwera osaitanidwa kapena pepala la Fizikisi linafunsa mutu umene mwana anaudumpha. Chokha chimene limadya ndi nthawi. Ndipo mapulogalamu a ku yunivesite samangoyang'ana mapointi onse pamodzi, amayang'ananso maphunziro amene pulogalamuyo imafuna, kotero mwana wa zaka 16 wosiya Kemisitiri lero watseka zitseko zingapo zimene sanagogodepo n'komwe. Njira za maphunziro za mayiko ena nazonso sizigwirizana pa nambala. A-level, imene ana a ku Kamuzu Academy amalemba, imatsiriza ndi maphunziro atatu kapena anayi okha. IB Diploma, imene ana ena a mu Lilongwe momwe muno amalemba ku Bishop Mackenzie, imafuna asanu ndi limodzi otengedwa m'magulu osiyana, kuti wokonda sayansi asathawe chilankhulo ndipo wokonda chilankhulo asathawe masamu. Nambala zonsezi ndi zopangana anthu. Palibe imene inatsika kumwamba.

Masamu akakhala kuti sakulamula, chimene chimasankha ndi china, ndipo chimaonekera pa maphunziro amene amagwa. M'nyumba zolakalaka KUHeS kapena MUBAS, ogwa kawirikawiri ndi omwewo: Chichewa, Bible Knowledge, Mbiri, Zaulimi, Jogalafe. Mawu owaperekezera nawonso ndi amodzimodzi: lilibe ntchito, sudzadya Chichewa, BK sidzakulemba ntchito. Mawu amenewa ndiwo akundivuta, kuposa kusiyako. Pali kusiya kwa munthu wotula katundu pambali pa njira chifukwa mutu walemedwa, akudziwa kuti watula chinthu chamtengo ndipo mtima ukumuwawa. Palinso kusiya kwa munthu wotaya chinthu kudzala. Pa fomu ya MANEB kusiya kuwiriku kumaoneka chimodzimodzi, koma mumtima mwa mwana kumabala zipatso zosiyana. Woyamba waphunzira kuti dziko ndi lalikulu kuposa iye ndipo sangalimeze lonse, kumene kuli kudzichepetsa. Wachiwiri waphunzira kuti chidziwitso chimayezedwa ndi malipiro a pa mwezi, ndipo akaphunzira izi pa mabuku sadzachedwa kuziyesa pa anthu: m'bale amene alibe ntchito, mlonda wa pageti, agogo a kumudzi amene nkhani zawo sizilowa m'mayeso.

Fanizo la matalente pa Mateyu 25 limatchulidwa kawirikawiri pa mapemphero a ana olemba mayeso, koma nthawi zambiri timalimva ngati likungoti limbikira ukhoze. Lili ndi zambiri kuposa apo. Choyamba, chuma chija sichinali cha akapolo. Chinali cha mbuye wawo, iwo anangosungizidwa. Chachiwiri, anapatsidwa mosiyana, wina asanu, wina awiri, wina limodzi, aliyense monga mwa mphamvu zake, ndipo wa awiri sanadzudzulidwe chifukwa chosafika pa mnzake wa asanu. Apa pali chitonthozo kwa mwana amene mphamvu zake zikuthera pa maphunziro asanu ndi awiri. Chachitatu, amene anadzudzulidwa sanabe kanthu ndipo sanamwaze kanthu. Anakumba pansi nabisa, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi mantha. Ndiye tiyeni tifunse moona mtima za mtsikana amene amakonda Mbiri, amene amafunsa mafunso a John Chilembwe ndi 1915 mpaka belu kulira, koma akuuzidwa kuti aisiye chifukwa mphunzitsi wake amaumira malikisi ndipo giredi 1 njosatsimikizika. Mtsikanayu sakupatulira munda. Akukwirira talente, ndipo wamugwirira khasu ndi kholo lake. Mphatso ya mwana imadziwika ndi njala imene ali nayo pa chinthu, ndipo njala imeneyo sanadzipatse yekha. Mkhristu amati ndi mayitanidwe. Msilamu amakumbukira kuti mawu oyamba amene anavumbulutsidwa kwa Mtumiki anali lamulo la kuwerenga. Wosapembedza akhoza kungoti ndi chibadwa. Onse atatu agwirizana kuti chinthu chotere sichitayidwa chifukwa cha mantha a giredi 3.

Mawu oti lilibe ntchito ndi olakwika ngakhale pa muyeso wake womwe wa ntchito. Mnyamata wosiya Chichewa kuti apeze malo a udokotala, akadzavala chovala choyera ku Kamuzu Central Hospital, odwala ake ambiri adzachokera ku Mitundu, ku Nsaru, ku Malingunde, ku Dowa. Mayi wachikulire sadzatchula dzina la nthenda. Adzati mtima ukuthamanga, m'mimba mukusokosa, thupi laphwanyika, ndipo pa matenda obisika adzazungulira ndi mawu aulemu amene munthu wongodziwa Chichewa chogulira tomato sangawamve. Dokotala wosamva zining'a amalemba mankhwala a nthenda imene wodwala sananene. Chimodzimodzi mkulu wa ku Capital Hill wolemba ndondomeko ya feteleza m'dziko limene anthu ake ambiri amadya za m'munda wawo, iye Zaulimi anazisiya ali Fomu 3 ndipo sanazibwererenso. Mbiri yathu yomwe ili ndi chitsanzo chimene ambiri sachikumbukira. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene ulamuliro wake unali ndi nkhanza zimene sitiyenera kuzibisa, asanakhale dokotala anaphunzira mbiri ku University of Chicago, kumene anamaliza mu 1931, ndipo udokotala anaumaliza ku Meharry Medical College mu 1937. Ali ku Chicago anagwira ntchito ndi katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins, ndipo ntchitoyo inabala galamala ya Chichewa yosindikizidwa mu 1937. Sindikutchula izi pofuna kunena kuti kuphunzira zambiri kumamuyeretsa munthu, pakuti moyo wa munthu yemweyu ukutsutsa zimenezo. Ndikutchula kuti ganizo loti dokotala weniweni ndi amene anataya mbiri ndi chilankhulo chake ali mwana ndi lachilendo ngakhale kwa ife eni. Ku England nako, C. P. Snow anadandaula ku Cambridge mu 1959 kuti ophunzira sayansi ndi ophunzira zolembalemba asanduka mitundu iwiri yosamvana, ndipo analoza chala pa chizolowezi chopatula ana msanga.

Wina adzati zonsezi mwana akhoza kudzaziphunzira payekha akadzakula, pakuti sukulu si khomo lokha la nzeru. Mfundoyi ndi yoona, ndipo umboni wake tili nawo ku Kasungu. William Kamkwamba anasiya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake analibe fizi, koma anapitiriza kubwereka mabuku m'kalaibulale ka ku Wimbe mpaka anamanga makina a mphepo opangira magetsi, ndipo mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College. Koma tione chimene chinamubweza ku mabuku. Iye sanachoke m'kalasi akunena kuti sayansi ilibe ntchito. Anachoka akuilira. Munthu amabwerera ku chinthu chimene anasiya akuchifuna, ndipo sabwerera kudzala kukatola chimene anauzidwa kuti ndi zinyalala. Choncho mfundo ya kudzaphunzira mtsogolo ikuthandiza mbali yanga: mwayi wobwerera umadalira mawu amene ananenedwa tsiku losiya. Tivomerezenso kuti kubwererako n'kosowa. Ku yunivesite nthawi imachepa kuposa ku sekondale, kenaka ntchito, banja, ngongole, maliro. Kwa anthu ambiri Fomu 4 ndi malo omaliza m'moyo pamene wina amalipidwa kuti awafotokozere chifukwa chimene mvula imagwera kapena mmene ndakatulo imalukidwira.

Kutsutsa kwachiwiri ndi kolemera kuposa koyamba. Kumati nkhani ya kukonda nzeru chifukwa cha nzeru ndi ya anthu okhuta, ndipo m'dziko losauka mwana ayenera kuyamba wapeza chodya. Sindingapeputse mawu amenewa, chifukwa digiri imodzi kuno imadyetsa mudzi, imalipira fizi ya ana a mlongo, imagula bokosi pa maliro. Koma tifunse kuti ndani amene ali ndi mwayi wosiya phunziro. Mwana wa ku CDSS ya kumudzi, kumene kulibe labotale ndipo mphunzitsi mmodzi amagwira maphunziro atatu, sakhala pansi n'kusankha. Phunziro limamusiya iyeyo. Amafuna Fizikisi koma palibe womuphunzitsa, amawerengera tochi, buku limodzi amagawana khumi. Amene amasankha ndi mwana wa m'nyumba ya mpanda, ya magetsi ndi jenereta, wokhala ndi chipinda chakechake chowerengera ndi intaneti m'manja. Mwa ana onse a m'Malawi, iyeyu ndiye ali ndi mphamvu zosenzera phunziro lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu, ndipo iyeyu akalephera chaka chino makolo ali ndi ndalama zoti abwereze kapena apite ku yunivesite yoima payokha. Kubwereka umphawi wa mwana wa kumudzi kuti ukhale chifukwa chosiyira phunziro ku Area 12 si chilungamo. Ndipo uthenga wabwino wa Luka, pa mutu 12, umaphunzitsa kuti wopatsidwa zambiri adzafunsidwanso zambiri. Ana a m'madera awa ndiwo ambiri adzakhale m'maofesi opanga ziganizo za anthu amene sanawaonepo. Dziko lili ndi chifukwa chofunira kuti adziwe zambiri kuposa zofunika pa fomu ya NCHE.

Pali kutsutsa kwachitatu, kokhudza Bible Knowledge ndi Chichewa makamaka. Kumati chikhulupiriro si mayeso, mwana amapita kutchalitchi Lamulungu lililonse, ndipo Chichewa amalankhula kale. Gawo loyamba ndikulivomera ndi mtima wonse. Giredi 1 ya BK siimuyandikizitsa munthu kwa Mulungu, ndipo mwana wosiya BK sanasiye Mulungu. Kholo limene lingamuopseze mwana ndi chilango cha kumwamba pa nkhani imeneyi likulakwira mwanayo ndi Mulungu yemwe. Chimene chimandidabwitsa ndi china. Mu 2000, boma litafuna kuika Religious and Moral Education m'malo mwa Bible Knowledge, mipingo inadandaula mwamphamvu mpaka ganizolo linaimitsidwa, ndipo pamapeto pake maphunziro onse awiri analoledwa. Tinamenyera phunziroli poyera, koma ambiri mwa ife timalichotsa mwakachetechete m'chikwama cha mwana wathu, kapena timalisunga pa chifukwa chimodzi chokha, choti ndi losavuta kupezerapo pointi. Kulisunga motero ndi kulinyoza komwe, kungosiyana chovala. Za Chichewa, gawo lachiwiri lija silinso loona m'nyumba zambiri za kuno. Alipo ana a mu Area 12, Area 10 ndi Area 43 amene Chichewa amachimva kwa antchito a pakhomo ndi pa wailesi ya m'galimoto basi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira m'sukulu. Chilankhulo chimene chinakwezedwa kukhala cha fuko mu 1968, chimene Buku Lopatulika lakhala likuwerengedwamo kuyambira 1922, chimene Samuel Josiah Nthara analembamo Nthondo, kwa mwana wotere chatsala ndi khomo limodzi lolowera ngati chinthu cholembedwa ndi choganiziramo mozama, ndilo kalasi ya Chichewa. Kulankhula chilankhulo ndi kuchiwerenga ndi zinthu ziwiri. Palibe kholo limene linganene kuti mwana asiye Chingerezi chifukwa amachilankhula kale kunyumba.

Danieli ndi anzake ku Babulo amatipatsa chithunzi cha kusankha kwabwino. Anatengedwa kukaphunzira zolemba ndi chilankhulo cha Akasidi kwa zaka zitatu, maphunziro a anthu amene anawagonjetsa, ndipo sanakane phunziro. Chimene anakana ndi chakudya cha pa gome la mfumu, chifukwa chinkakhudza chimene iwo anali. Ife nthawi zina timachita motembenuza: tikufuna gome la mfumu, ndipo tili okonzeka kulipira ndi phunziro lililonse limene limatikumbutsa kwathu. Paulo naye, polembera Akorinto za thupi limodzi la ziwalo zambiri, anatsutsa mtima wa chiwalo chouza chinzake kuti sichikufunika. Ankanena za anthu mu mpingo, koma chidziwitso nachonso ndi thupi. Masamu amafuna chilankhulo kuti afotokozedwe, Bayoloje imafuna Jogalafe kuti imvetse chifukwa chimene malungo amachulukira ku Nkhotakota kuposa pamwamba pa Dedza, ndipo onsewa amafuna funso la chabwino ndi choipa, limene silili m'labotale. Mlimi wopatulira chimanga uja sazula nyemba ndi maungu zimene anadzala m'mizere yomweyo, chifukwa akudziwa kuti nsima payokha siitsika.

Ndiye alipo mwana woyenera kusiya phunziro, ndipo ndikufuna azisiya wopanda manyazi. Amene akugona maola anayi, amene wayamba kudwala mutu ndi kulira popanda chifukwa chooneka, amene Masamu ake akumira ndipo popanda Masamuwo khomo limene akulifuna silitseguka, ameneyu atule katundu, ndipo makolo amuthandize kutula. Thupi lake ndi mtendere wa mumtima mwake nazonso ndi zosungizidwa. Koma posankha loti atule, funso loyamba likhale kwa iye mwini, pakuti amene adzakhale ndi chisankhochi zaka makumi asanu ndi iyeyo, ndipo kawirikawiri makolo timafuna kukonza kudzera mwa mwana zimene zinatilaka ife. Amufunse kuti ndi phunziro liti limene likachoka adzalisowa, ndi liti limene amaliwerenga ngakhale kulibe mayeso mawa. Limenelo likhale lomaliza kukhudzidwa, ngakhale silili pa mndandanda wa pulogalamu ya KUHeS. Afufuze zofunika pa mapulogalamu atatu kapena anayi, osati imodzi yokha imene bambo anaisankha mwana ali ku Sitandade 5. Akamuone mphunzitsi wa phunzirolo ndi kumva maganizo ake, chifukwa safunsa anadya phula. Ndipo likapezeka loti lichoke, tinene kuti ndi Jogalafe, bambo kapena mayi akhoza kunena mawu ochepa oona: mwanawe, ili ndi phunziro labwino, tikulisiya chifukwa chaka chafupika ndipo mphamvu zako zili ndi malire. Buku lake lisaperekedwe kwa wogulitsa mtedza kuti azikulungira. Likhale pa shelefu m'chipinda cha mwanayo, ndipo mayeso akatha, m'miyezi yaitali ija yodikira zotsatira ndi mayina a NCHE, pamene ana ambiri a kuno amangogona ndi foni m'manja, wina amukumbutse kuti mitu imene sanafike ija ikadali momwemo.